Mchere wa m'sutikesi

Lolemba, m'mawa

Amake Esime anyamuka. Njinga yamoto yawatenga kusanayere bwino, ulendo wa ku Lisungwi kukadikirira mwana wathu Esime, amene masiku ake akwana. Mdzukulu woyamba! Nyumba yatsala m'manja mwanga sabata yathunthu, ndipo nthawi yakwana yoti anthu aone kasamalidwe ka zinthu.

Nkhani inayamba dzulo. Ndinangofunsa, mwaulemu ndithu, kuti kodi paketi ya mchere imene kwa anzathu imatha mwezi, bwanji pano sifika masabata awiri? Panyumba pano tilipo awiri okha. Kodi mcherewo timasamba? Iwo anangomanga katundu wawo, n'kutulutsa mapepala asanu a ndalama, n'kuwaika m'kachitini ka mafuta odzola kamene kanatha kale. Ati ndi za ndiwo ndi zina zosowa mpaka Lamulungu.

Ine ndinati mapepala asanuwo sindikhudzako n'limodzi lomwe. Ndinati Loweruka ndikagula nawo beseni lalikulu losambitsira mdzukulu, chitenje ndi sopo, Lamulungu ndidzafika nazo ku Lisungwi anthu onse akuona. Beseni limene atengalo ndi lakale, lomata malo awiri ndi pulasitiki wosungunula. Mdzukulu wanga woyamba sangasambe m'chinthu chodontha. Iwo anangoti, "Chabwino, bambo. Nyumbayi ndi yanu, muione bwino."

Ndondomeko yanga nayi:

- Mafuta ophikira: ndamanga ulusi pakati pa botolo. Asatsike kupitirira ulusiwo.
- Sopo: ndamudula zidutswa zisanu ndi ziwiri, chimodzi patsiku. Ndaziyanika pathandala kuti ziume gwa, poti sopo wouma sasungunuka msanga.
- Machesi: kamtengo kalikonse ndakang'amba pakati ndi lezala. Bokosi limodzi lasanduka awiri.
- Moto: ukatha ntchito, kuuzima. Osati zikuni kumanyeka tsiku lonse ngati pali maliro.
- Masamba a tiyi: kuphika, kuyanika, kuphikanso.
- Mchere: m'sutikesi, pamwamba pa jekete langa la kutchalitchi. Ndakhoma, kiyi m'thumba.
- Kugawa ndi kubwereketsa: ayi. Apa ndiye pagona nkhani yonse.

Lolemba, madzulo

Umboni wabwera wokha. Dzuwa lisanafike paliwombo, "Odi!" ANangozo, mayi wamasiye wa nyumba ya kumtunda kwathuku, kambale m'manja. Ati amati atapeko kamchere ka ndiwo zamasana. Kambale kameneko kakuoneka kuti njira ya kuno kamaidziwa kokha. Ndawauza kuti mchere watha. Ayang'ana ine, ayang'ana chitseko, anena "zikomo" wautali uja, apita.

Posakhalitsa aNachisale a kuseri kwa khola lathu, phale m'manja, kudzapala moto. Ndawaonetsa mafuwa ozizira. Ati ndiye kamtengo kamodzi ka machesi. Ndati machesi a masiku ano ndi owerengeka.

Kenaka a Mbewe, aja ali ndi sola padenga, kudzabwereka pampu ya njinga. Ndawafotokozera bwinobwino kuti pampu imatha, zam'kati mwake zimadyeka. Agwedeza mutu ngati munthu amene waphunzira chinthu chatsopano.

Anthu atatu tsiku limodzi! Nanga pachaka? N'chifukwa chake sitilemera.

Ndadya mpiru wotendera umene amake Esime anasiya mumphika. Mapepala asanu onse ali chigonere m'kachitini. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Lachiwiri

Chiperoni. Nkhungu yakuta phiri lonse, khola silikuoneka ukaima pakhonde. Kuzizira kwa kuno ku Nsambe sikuseka ndi munthu.

Machesi ong'amba aja. Koyamba kathyoka. Kachiwiri mutu wayoyoka. Kachitatu kayaka n'kuzima ndisanafike paudzu. Ndafika pa kakhumi ndi kamodzi moto usanagwire, nkhuni zonse zamwa chinyezi, maso ali misozi chuchuchu ndi utsi. Tsopano ndaona chifukwa chake chikuni chimodzi chimasiyidwa chikufuka pansi pa phulusa. Sindikuti ndinalakwitsa. Ndikungoti ndaona.

Masamba a tiyi sanaume, dzuwa kulibe. Ndawaphika choncho. Chimene chatuluka ndi madzi otsukira kapu. Mabatire a wailesi nawonso ndimati ndiwayanike padzuwa kuti abwerere mphamvu, ali pawindo kuzizidwa pamodzi ndi ine.

Kuyandikira masana, funso: kodi ndiwo zili kuti?

Zaka zonsezi ndimadya mpiru, nkhwani, tchayinizi, tsiku lina dzira. Ndapita kuseri kwa nyumba kuti ndikathyole. Kulibe. Ndatsikira kudimba kwathu. Kachewere yekhayekha mizere yonse, monga ndinabzalira ine mwini. Ndaima pamenepo ngati mlendo. Nanga mpiru wa tsiku ndi tsiku uja umamera pati?

Yankho ladutsa panjira cha m'ma leveni: aNangozo, mtolo wa mpiru pamutu, wobiriwira bwino, masamba akuluakulu. Atafika pamphambano yolowera kwathu mapazi awo anatsala pang'ono kukhota okha, koma awawongola. Andipatsa moni wabwino kwambiri, kufunsa ngati ndadzuka bwino ndi kuzizira kuno. Mtolo wonse wakalowa kwa aNachisale.

Nkhuku nazo. Tili ndi tambala mmodzi ndi thadzi lokalamba limene linasiya kuikira chaka chatha. Za mazira aja sindikufuna kuganiza lero.

Chakudya: kachewere wowiritsa. Kuti ndithire mchere, ulendo: kuchipinda, kukoka sutikesi kunsi kwa bedi, kufuna kiyi, kutsegula, kutapa, kukhoma, kukankhira kunsi. Pobwera kachewere wazizira. Ndatapiratu pang'ono m'kapepala, sutikesi isatsegulidwenso mpaka Lamulungu.

Madzulo kachewere yemweyo. Mapepala akadali asanu. Ndikupambana, kungoti m'mimba simunamve uthengawo.

Lachitatu

Machesi atheratu. Bokosi limene amake Esime amatha nalo mwezi, ine masiku awiri. Ndameza malovu, ndatenga phale, ndapita kwa aNachisale. Utsi ukutuluka padenga la khitchini yawo, fungo la nyemba mpaka panja. Ati pepani, moto wangozima kumene.

Foni nayo yazima. Nthawi yoipa bwanji, uthenga wa ku Lisungwi ukhoza kubwera ola lililonse.

Amake Esime amangoitenga n'kupita nayo kwa a Mbewe, madzulo n'kubwera nayo yodzaza. Ndachita chimodzimodzi. Ndapeza mafoni atatu ali ndondondo pawindo, timagetsi tawo tikuphethira. A Mbewe andilandira ndi manja awiri, andipatsa mpando, andifunsa za ku Lisungwi. Kenaka andifotokozera bwinobwino kuti batire la sola limatha. "Lili ngati pampu, achimwene. Zam'kati zimadyeka."

Mawu anga omwe, osachotsapo n'limodzi lomwe. Ndatsanzika mwaulemu.

Ndiye wapansi mpaka kumsika, matope kumamatira kuphazi. Kutchajitsa n'kolipira, ndipo mwini shopu ati ndidikire maola awiri. Pepala loyamba lasinthidwa. Ndimati ndichotsepo ya foni yokha, chenji chibwerere m'kachitini.

Koma abale, maola awiri pafupi ndi chiwaya, munthu utagonera kachewere wowiritsa! Fungo lija silinandipatse mpata woganiza. Kumene chenji chapita:

- tchipisi mbale imodzi. Kachewere yemweyo! Mwina wa m'dimba mwanga momwe, amene ndinagulitsa motchipa mwezi watha
- tiyi wamkaka, poti kukuzizira
- kamulu ka bonya
- kamtolo ka mpiru, masamba asanu ofota. Ine kugula mpiru, munthu wa kumudzi!
- bokosi la machesi, osang'amba
- mayunitsi

Pepala loyamba latha psiti.

Foni itangoyaka, amake Esime. Esime ali bwino, akungoyendayenda panja pa chipatala monga anamwino amuuzira. Kenaka afunsa ngati kunyumba kuno zikuyenda. Ndati zikuyenda bwino kwambiri, mafuta sanafike n'paulusi pomwe. Ati aNangozo ndiwapatse moni. Ndati ndiwapatsa.

Atsala anayi. Beseni ndi chitenje zikwanabe. Sopo ndidzatenga zidutswa zanga zotsala, khanda silifuna sopo wambiri.

Lachinayi, m'mawa

Madzi atha m'ndowa zonse. Kumjigo.

Mwamuna ndine ndekha, azimayi mzere mpaka kunthochi. Ine ndimaona amake Esime akupita n'kubwera msangamsanga, ndimati mjigo wathu ulibe mzere. Kani ndowa yawo imatsogola ndi aNachisale mbandakucha kukagwira malo. Lero ndowa yanga yakhala kumapeto kwenikweni. Wina kutsogoloko wanena, osati mokweza, osatinso monong'ona, kuti a Kaligwiritsa afika, bisani sopo angamuwerenge. Mjigo wonse phwete. Ine maso kumitambo, ngati ndikuona za mvula.

Ndafika kunyumba khosi litauma, ndathira madzi mumtsuko, ndati ndisambe. Pathandala mbee! Zidutswa za sopo zinatsala zinayi, palibe n'chimodzi chomwe. Mumtengo wa mapeyala khwangwala wakhala, kukamwa kuli kachidutswa komaliza, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Mtanda wathunthu wa sopo khwangwala sangaunyamule. Ine ndinamudulira bwinobwino, saizi ya mlomo wake, n'kumuyanikira poyera. Ndamugenda. Ndaphonya. Mwala wakagwera pamtsuko, madzi a maola awiri onse pansi.

Lachinayi, madzulo

Ayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense ndi "odi" waulemu. Sakudzapempha ayi. Akudzatenga zawo.

Zimene zatuluka m'nyumba mwanga lero:

- sefa: ya aNangozo
- lichero lalikulu: la aNangozo
- munsi: wa aNachisale. Mtondo ndi wathu, watsala wokha wopanda ntchito
- nkhwangwa imene ndakhala ndikunola zaka zitatu: ya a Mbewe
- chingwe cha mbuzi: cha a Mbewe
- kapaipi ka pampu. Pampu ndi yanga, inde, koma kapaipi kolumikizira kutayala kani n'ka a Mbewe. Akamasula pamaso panga, mosafulumira, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi
- mtsuko uja: wa aNachisale. Aima pamapale ake, manja m'chiuno

Pepala lachiwiri lapita, la mtsuko ndi sopo wina.

Nyumba yapepuka. Ine ndimadziyesa munthu wa katundu. Ndayang'ana mpando umene ndakhalirawu mokayikira, sindikudziwa ngati ufika mawa.

Mbuzi ndaimanga ndi chidutswa cha neti yakale ya udzudzu, chopota bwino, chaulere. Atsala atatu. Chitenje chikhoza kukhala chotchipa, khanda silidziwa mtengo wa nsalu.

Lachisanu

Mbuzi yadya neti. Itamaliza neti yapita kukadya mpiru wa aNangozo.

Ine ndinali kuchigayo, thumba paphewa, poti njinga yaphwa ndipo pampu yopanda kapaipi ndi ndodo chabe. Pobwera ndapeza mbuzi itamangidwa pamtengo pakhomo pa aNangozo, mimba ili tuu, ikubzikula mosatekeseka. Anditengera kudimba kuti ndikaone ndi maso anga. Mizere itatu yametedwa mpala. Nazale ya tomato yapondedwapondedwa.

Chondipsetsa mtima n'choti anthu anaiona ikupita. ANachisale anaiona. A Mbewe anaiona, ati inadutsa pafupi kwambiri ndi miyendo yawo. Kani masiku onse ikamasuka wina amaigwira n'kuibweza, ine osadziwa. Lero aliyense ati anali wotanganidwa ndi kusamala zake.

Ndayesa kuseka kuti nkhani ipepuke. Ndati mbuzi ilibe nzeru, ndife anansi, zoterezi zimachitika. ANangozo avomera kuti zimachitikadi, ati chaka chatha inachita kawiri. Kawiri? Ine osamvako!

"Amake Esime amabwera ndi kashuga m'kapu, timakhala pansi, timaseka, nkhani yatha. Koma poti sabata ino chilichonse chili ndi mtengo wake, nawonso mpiru uli ndi wake."

Sanakweze mawu. Bola akanandilalatira. Awerenga mizere ndi chala, atchula mtengo wa kumsika, womwe uja ndinagulira masamba asanu ofota Lachitatu. Ndilibe poyambira kutsutsa, mtengowo ndikuudziwa bwino kuposa aliyense m'mudzi muno. Mapepala awiri. Awapinda, awamanga pamfundo ya chitenje, ati zikomo.

Latsala limodzi. Limodzi! Ndakhala pakhonde kuliyang'ana mbali zonse ziwiri, silikuswana. Mtima ukundiwawa. Chikundiwawa kwambiri si ndalama ayi, ndi mawu aja ndinalankhula amake Esime akumanga katundu. Amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Ine sindinayende n'komwe, koma mlomo wandipeza pakhonde langa lomwe.

Mbuzi yagona m'khitchini, chitseko ndachitchinga ndi mtondo. Wapeza ntchito.

Mafuta akadali pamwamba pa ulusi. Nanga ndikazinga chiyani?

Loweruka

Wabadwa!

Foni yalira kukungoyera kumene. Mtsikana, wathanzi, akulira ngati wabwera ndi mlandu. Esime ali bwino. Amake Esime mawu akunjenjemera, ine ndangoti "Ambuye alemekezeke" katatu. Ndatuluka panja opanda nsapato, ndavina ndekha pabwalo m'matope. Ndine agogo!

Ndafuna kuuza munthu. Ndayang'ana kumtunda kwa aNangozo. Ndayang'ana kuseri kwa aNachisale. Ndayang'ana denga la a Mbewe ndi sola yake. Ndauza mbuzi.

Asanadule foni, amake Esime ati, "Mawa tikudikira beseni lija. Lakale lang'ambikiratu, tikumusambitsa m'la anzathu a bedi loyandikana." Atero munthu wongofika Lolemba, wapeza kale wobwerekana naye.

Kumsika, wapansi, pepala limodzi m'thumba. Ndatenganso botolo la mafuta, mwina wagolosale angagule. Waseka mpaka kutsokomola. Ati sanaonepo mafuta ovala ulusi m'chiuno ngati khanda.

Mabeseni akuluakulu apachikidwa bwinobwino, ofiira, obiriwira, abuluu. Ndafunsa mtengo. Ndanenerera mpaka malovu kuuma. Ndatchula za mdzukulu woyamba, wogulitsa wandiyamikira kwambiri, mtengo osasuntha. Pepala limodzi lakwana kabeseni kosambira m'manja. Ndakagula. Panjira ndakhala ndikukayeza ndi chikhatho. Mdzukulu akhoza kulowetsamo phazi limodzi, likayera n'kulowetsa linalo.

Ndikulowa m'mudzi ndaona aNangozo, aNachisale ndi a Mbewe ali pamodzi pakhonde, mitu pamodzi. Atandiona adula nkhani. Ndabisa kabeseni kumbuyo. N'kosavuta kubisa.

M'nyumba muli matumba awiri a kachewere wambewu. Ndaima pafupi nawo nthawi yaitali. Limodzi lokha likhoza kugula beseni, chitenje ndi ulemu wanga. Koma chaka chamawa tidzabzala chiyani? Ndipo amake Esime angandisiye ukwati ndili ndi imvi kale. Ndatseka chitseko.

Wanjinga yamoto abwera mawa m'mawa. Mkamwini analipiriratu, apo ayi ndikanatsika mapiri onsewa wapansi, kabeseni m'khwapa.

Lamulungu

Katundu wanga: kabeseni, sopo wa Lachinayi wotsala theka, botolo la mafuta ndi ulusi wake. Ndati bola ndivale bwino, anthu aone jekete, asaone beseni.

Ndatsegula sutikesi. Mayo ine. Paketi ndinaisiya yosatseka, mchere wamwa chinyezi cha chiperoni sabata yonse. Wina wasungunukira pajekete, wotsala waundana chibuma chimodzi. Pamsana pa jekete lakuda pali chinthu choyera chachikulu ngati mapu a Neno yense, mitsinje yomwe. Ndapukuta ndi madzi, pakauma chikubweranso. Jekete lina ndilibe.

Ndili pakati pa zimenezi, "Odi!"

Onse atatu. A Mbewe anyamula beseni lalikulu lofiira, latsopano, kapepala ka mtengo kakadali komata. M'kati mwake chitenje chatsopano, sopo mitanda iwiri yathunthu, ufa woyera, nyemba, mazira okwirira m'madeya, manachesi, ndi mtolo wa mpiru umene mbuzi inasiya.

ANachisale ati anayamba kusonkha mimba ya Esime itangodziwika, monga amake Esime anachitira pamene mdzukulu wa aNachisalewo anabadwa, ndiponso pamaliro a amuna awo a aNangozo. Uthenga anaulandira dzulo lomwe pafoni ya a Mbewe, ine ndili pakati pouza mbuzi. Chitenjecho ati chagulidwa ndi mapepala awiri a mpiru aja. ANangozo ati anaona kuti akawasiya kwa ine, khwangwala atenga.

"Izi si zanu, bambo a Esime. Ndi za amake Esime ndi mdzukulu wawo. Inu mungonyamula," atero aNangozo.

Manyazi andigwira mpaka kumapazi. A Mbewe aona kabeseni kanga pakhonde, akanyamula, akatembenuza, afunsa ngati n'komwera nkhuku. Ndati inde.

Kenaka aNangozo apisa dzanja m'chitenje, atulutsa kambale kaja ka Lolemba. Ndalowa m'nyumba, ndatulutsa chibuma cha mchere, ndachiswa ndi mwala pakhonde, poti munsi unapita kwawo. Atapa aNangozo, atapa aNachisale. A Mbewe atsina pang'ono, alawa, ati ukununkhira tchalitchi.

Mwambi uja woti kupatsa n'kuika ndikuudziwa kuyambira ndili mwana, wina asavutike kundikumbutsa.

Foni. Amake Esime, kufunsa ngati ndanyamuka. Ndati njinga ikumveka kale kumunsi, beseni lilipo, lalikulu, lofiira. Ati akudziwa, mtundu anasankha okha. Kenaka afunsa kuti mchere watsala wochuluka bwanji. Ndati pafupifupi wonse.

"Ndiye mwasunga, bambo," atero. Kumbuyo kwawo Esime akuseka, khanda likulira.

Ndavala jekete ndi mapu ake. Mbuzi ili pachingwe cha a Mbewe. Chikuni ndachisiya chikufuka pansi pa phulusa, aNachisale ati aziyang'anira. Mchere wotsala uli pakhonde, ndauvundikira ndi kabeseni kaja kuopa chiperoni, kakwana ndendende. Wofuna atape.